PHUNZIRO 17: TISANKHE CHIDA CHABWINO CHOYEZERA MADZI A M'DZIWE LA NSOMBA

Tiwerenge pamodzi mokweza:

Nsomba siyankhula.
Madzi ndiwo amatiuza za moyo wake.
Tiphunzire kuwerenga madzi.

Amayi ndi abambo, anzathu a m'koperativa, lero tikambirana za kuyeza madzi a m'dziwe. Zida zoyezera madzi zilipo zambiri. Zina n'zodula, zina n'zotsika mtengo. Zina zimanena zoona, zina zimasocheretsa. Ndalama za gulu ndi thukuta la anthu ambiri. Tisanagule, tidziwe chimene tikugula.

ZIMENE ZINATICHITIKIRA

Gulu lathu lina lili kumunsi kwa Zóbuè, pafupi ndi msewu wopita ku Moatize. Tinakumba dziwe ndi makasu athu. Tinasonkha ndalama n'kugula ana a nsomba za pende. Tinapangana kuti tikakolola, ndalama zina tigulire mbewu ndi feteleza, zina tigulire ana makope ndi mapensulo.

Tinamva kuti madzi a nsomba amayezedwa. Tinatuma anthu awiri kumzinda. M'sitolo ina anapeza kabokosi kokongola, kokhala ndi chithunzi cha madzi oyera mbee. Wogulitsa anati, "Ichi n'choyezera madzi." Sananame ayi. Koma ife sitinafunse kuti madzi ake ndi ati.

Masana aliwonse mlembi wathu ankatunga madzi m'kabotolo n'kudonthezamo mankhwala. Madziwo ankafiira. Pa khadi la mitundu, kufiirako kunali pa nambala 8.2. Ankalemba m'kope: 8.2, mawa lake 8.2, mkuja 8.2. Tinkasangalala, poti tinali titamva kuti nambala imeneyi ndi yabwino. Tinapitiriza kuthira zitosi za nkhuku. Madzi anabiriwira kwambiri, mpaka kukhala ngati masamba osinja.

M'mawa wina, mwezi wa Okutobala, mayi wina amene ankapita kudimba anabwera akuthamanga.

"Aphunzitsi, tabwerani mudzaone! Nsomba zikuyasamula pamwamba pa madzi, zina zagona chagada!"

Tinathamangira kudziwe. Tinatola nsomba zakufa madengu awiri. Kunali kutatsala mwezi umodzi wokha kuti tikolole.

Ena anayamba kulozana zala. Ankati pali munthu wanjiru amene wathira mankhwala usiku. Koma agogo ena anati, "Ana inu, musanatchule dzina la munthu, kaitaneni alangizi."

Alangizi anabwera masana ndi chida chawo. Chawo chinaonetsa 9.5. Chathu chinaonetsabe 8.2. Anatenga kabokosi kathu, anawerenga, napukusa mutu.

"Makolo anga," anatero, "chida ichi n'cha madamu osambiramo a kumahotela. Manambala ake amayambira pa 6.8 n'kuthera pa 8.2. Taganizani za sikelo yothera pa makilogalamu 50. Mukakoleka thumba la makilogalamu 70, ikuuzanibe kuti 50. Ndi mmene chachitira chida chanu."

Panalibe wanjiru. Tinachulutsa manyowa nthawi yotentha, ndipo chida chathu sichinathe kutichenjeza. Madzi akatayika saoleka. Koma phunziro tinatolapo, ndipo ndi limene tikugawana lero.

MADZI A KU MOATIZE NDI A KU ZÓBUÈ SAFANANA

Pende zili za mitundu ingapo. Mtundu wina ndi wa kwathu konkuno. M'mabuku a sayansi umatchedwa Oreochromis mossambicus, kutengera dzina la dziko lathu. Anaulemba m'mabuku ndi Wilhelm Peters wa ku Germany m'chaka cha 1852, atayenda m'chigwa cha Zambezi. Pende ndi nsomba yolimba. Koma mumtsinje, madzi akaipa imathawira pena. M'dziwe ilibe kothawira. Oyang'anira madzi ake ndi ife.

Ku Moatize n'kotsika ndipo n'kotentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika pa madigiri 40, mwina kupitirira. Madzi otentha sasunga mpweya wambiri, ndipo dziwe limaphwa msanga. Kumenekonso kuli migodi ya malasha, ndipo waukulu kwambiri unayamba kutulutsa malasha m'chaka cha 2011. M'maiko ambiri a migodi, madzi odutsa m'miyulu ya miyala yofukulidwa amasintha, nthawi zina amakhala ndi asidi. Choncho madzi aliwonse, kaya a mumtsinje wa Revúbuè kaya a m'kamfuleni, tiyambe tawayeza tisanawalowetse m'dziwe.

Ku Zóbuè n'kumtunda, pakati pa mapiri, m'malire ndi dziko la Malawi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira. Madzi akazizira nsomba zimachepetsa kudya. Tikapitiriza kuthira madeya ochuluka, amangoolera pansi n'kuononga madzi.

Ndiye chida chathu chiyenera kutha kutiuza zoona kotentha ndi kozizira komwe.

ZINTHU ZIMENE TIMAYEZA

Choyamba ndi kutentha kwa madzi. Pende imakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika pansi pa 20, imadya pang'ono ndipo imakula mochedwa.

Chachiwiri ndi kubiriwira kwa madzi. Manyowa amameretsa tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. Masana tizomerati timapanga mpweya wabwino wotchedwa okosijeni. Usiku timaleka kupanga, m'malo mwake timapuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba. Tikachuluka kwambiri, mpweya umatha mbandakucha. N'chifukwa chake nsomba zathu zinafa m'mawa, osati masana.

Chachitatu ndi pH. Timatchula kuti pi-echi, anzathu a Chipwitikizi amati pe-aga. Ndi nambala yonena ngati madzi apendekera ku asidi, monga mandimu, kapena ku ukali wonga wa chidulo chophikira thelere. Manambala ake amayambira pa 0 mpaka 14. Pakati ndi 7. Pansi pa 7 ndi mbali ya mandimu. Pamwamba pa 7 ndi mbali ya chidulo. Muyezo umenewu anauyambitsa ndi Søren Sørensen wa ku Denmark m'chaka cha 1909. Pende imakhala bwino pakati pa 6.5 ndi 8.5. Tisapeputse kusiyana kwa nambala imodzi. Madzi a pa 5 ali ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa a pa 6. M'dziwe lobiriwira, pH imatsika m'mawa ndipo imakwera masana.

Chachinayi ndi amoniya. Tonse timalidziwa fungo lolasa m'mphuno la m'khola la nkhuku losasesa. Ameneyo ndiye amoniya. M'dziwe amachokera ku zonyansa za nsomba, ku zakudya zotsala ndi ku manyowa. Kuopsa kwake kumadalira pH ndi kutentha. M'madzi a madigiri 28, pH ikakhala 7, gawo la amoniya lopweteka nsomba silifika 1 pa 100. Ikakhala 8, limakwera kufika 6 kapena 7 pa 100. Ikakhala 9, limafika pafupifupi 40 pa 100. Ndiye nambala ya amoniya tisamaiwerenge payokha. Tiziiyika pambali pa nambala ya pH.

ZIDA ZIMENE TILI NAZO KALE

Tisanatulutse ndalama, tiyambe ndi zaulere.

Maso. Tizifika padziwe dzuwa lisanatuluke. Nsomba zikakhala pamwamba zikuyasamula, mpweya wachepa. Zikapitiriza ngakhale dzuwa litatuluka, zinthu zaipa.

Mkono. Tipise mkono m'madzi, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Chikhatho chikasowa madzi atafika pachigongono, kubiriwira kuli bwino. Chikasowa tisanafike pachigongono, tizomera tachuluka. Chikamaonekabe madzi atapitirira chigongono, chakudya chachepa.

Mbale. Mikono ya anthu imasiyana kutalika. Kuti tonse tizipeza nambala imodzi, tipange mbale yoyezera. Titenge chivundikiro chozungulira cha masentimita 20 m'mimba mwake. Tichigawe panayi. Zigawo ziwiri zoyang'anana tipake utoto woyera, ziwiri utoto wakuda. Tichikhomere kunsonga kwa ndodo, ndipo pandodopo tilembe mizere ya masentimita 10, 20, 30, 40, 50 ndi 60. Timize mbaleyo pang'onopang'ono mpaka itasowa, kenaka tiwerenge pamene madzi alekeza pandodo. Pakati pa 30 ndi 45 ndi pabwino. Pansi pa 20 ndi pangozi. Pamwamba pa 60 madzi alibe chakudya. Njira imeneyi ndi yakale. Anaiyamba ndi Angelo Secchi wa ku Italy m'chaka cha 1865, ndipo akatswiri amaigwiritsabe ntchito.

Tichenjere nthawi ya dzinja. Matope nawonso amabisa mbale, koma matope si chakudya. Tiziona mtundu wa madzi. Obiriwira ndi tizomera, ofiirira ndi matope.

ZIDA ZOGULA

Choyezera kutentha chikhale choyambira pa 0 mpaka 50. Chija cha kuchipatala choika m'khwapa sichithandiza, chifukwa chimayambira pamwamba pa 30. Tisankhe cha mzere wofiira. Cha mzere wonga siliva chili ndi mankhwala a poizoni, ndipo chikasweka m'dziwe n'zoopsa.

Zoyezera pH ndi amoniya zili za mitundu itatu. Zambiri amapangira anthu a m'mizinda amene amaweta nsomba zokongoletsa nyumba m'mabokosi agalasi. Zimenezo zimagwiranso ntchito padziwe, bola tisankhe bwino.

Mtundu woyamba ndi timapepala. Timaviika kapepala m'madzi, kamasintha mtundu, ndipo timafanizira ndi khadi. Ubwino wake n'ngwakuti n'tosavuta, ndipo kawirikawiri ndi totsika mtengo. Kuipa kwake n'kwakuti timaonongeka msanga ndi chinyezi, ndipo nambala yake imangoyandikira.

Mtundu wachiwiri ndi madontho. Timathira madzi m'kabotolo mpaka pamzere, n'kudonthezamo mankhwala mowerenga. Madontho amanena zoona kuposa timapepala, ndipo botolo limodzi limayeza kambiri. Koma amafuna munthu wodekha, wowerenga madontho osalumpha.

Mtundu wachitatu ndi kamakina ka mabatire. Kamalemba nambala pagalasi, ndipo sipafunika kufanizira mitundu. Anthu ambiri amakakhumbira. Koma kamafuna kukonzedwa kawirikawiri ndi madzi apadera ogula, ndipo nsonga yake siyenera kuuma. Kakapanda kusamalidwa kamalemba nambala yooneka bwino koma yabodza. Bodza lolembedwa bwino ndi loopsa, chifukwa palibe amalikayika.

Ife tinasankha chonchi: madontho a pH, madontho a amoniya, choyezera kutentha chimodzi, ndi mbale yopanga tokha. Gulu limene ndalama zachepa liyambe ndi mbale, choyezera kutentha ndi timapepala ta pH. Magulu awiri oyandikana akhoza kusonkherana botolo limodzi la amoniya.

MAFUNSO 6 OFUNSA TISANALIPIRE

1. Kodi n'cha madzi ati? Tifune cha madzi opanda mchere. Pa Chipwitikizi amalemba kuti água doce, pa Chingerezi freshwater. Tikaona mawu akuti piscina kapena pool, n'cha madamu osambiramo. Tichisiye.

2. Kodi manambala ayambira pati, athera pati? Cha pH chiyambire pa 6 kapena pansi pake, ndipo chifike pa 9 kapena kupitirira. Mabokosi ena ali ndi mabotolo awiri a pH, lina la manambala otsika, lina la okwera. Tiwerenge pamene lokweralo lathera.

3. Kodi manambala akulumpha bwanji? Khadi lolemba 6, 7, 8, 9 limalumpha kwambiri. Labwino ndi lolemba 6, 6.5, 7, 7.5, 8, 8.5, 9. Nambala 6.5 timawerenga kuti 6 ndi theka. Pa Chipwitikizi amalemba 6,5 ndi kamchira m'malo mwa kadontho. Ndi nambala yomweyo.

4. Kodi mitundu yake tikutha kuisiyanitsa? Titulutse khadi panja pa sitolo, tiliyang'ane powala. Ngati mitundu iwiri yoyandikana ikuoneka chimodzimodzi, tidzakangana padziwe. Manambalanso akhale akuluakulu, oti agogo awaone.

5. Kodi chidzatha mphamvu liti? Tifune mawu akuti validade kapena EXP, ndipo tiwerenge mwezi ndi chaka. Pakalembedwa 03/2028, ndiye kuti Malichi 2028. Chopanda tsiku tisagule. Chotsegula kale, kapena chimene chakhala padzuwa pawindo la sitolo, tisagulenso.

6. Kodi malangizo ali ndi zithunzi, ndipo mankhwala akatha tidzawapeza kuti? Chida chimene mankhwala ake sapezeka chimasanduka choseweretsa ana.

Tisachite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Tilembe mafunsowa papepala, opita kukagula alitenge. Ngati n'kotheka tiyambe taonana ndi alangizi a ku ofesi ya boma yoona za ulimi ndi usodzi, imene timaitcha SDAE.

TIYESE CHIDA CHISANAYEZE MADZI ATHU

Wogula wailesi amayamba waitsegula kuti amve ngati ikulira. Nafenso tiyese chida cha pH ndi zinthu za kukhitchini. Titenge makapu atatu otsuka bwino, tithiremo madzi.

M'kapu yoyamba tifinyiremo ndimu kapena tithiremo vinyagiri. Chida chionetse nambala yotsika. Madzi a ndimu ali pakati pa 2 ndi 3. Ngati khadi lathu silifika pamenepo, chionetse mtundu wa pansi penipeni.

M'kapu yachiwiri tisungunulemo soda wa m'paketi, uja wophikira zitumbuwa. Chida chionetse 8 kapena 8.5.

M'kapu yachitatu tithiremo chidulo. Chida chionetse nambala yokwera, kapena mtundu wa pamwamba penipeni.

Ngati makapu atatuwa apereka mtundu umodzi, chidacho n'chakufa.

Kenaka titunge madzi a m'dziwe m'ndowa imodzi, tiwayeze katatu. Nambala ikhale yomweyo katatu konse. Alangizi akabwera, tiyeze nawo limodzi, tione ngati chathu ndi chawo zikugwirizana.

Lamulo limene tinaliphunzira ndi misozi ndi ili: mtundu ukafika kumapeto kwa khadi, kaya pamwamba kaya pansi, nambala imeneyo tisaikhulupirire. Madzi akhoza kukhala atapitirira pamenepo.

KAYEZEDWE KOYENERA

1. Tisambe m'manja ndi madzi okha. Sopo, phulusa ndi thukuta zimasokoneza.
2. Titsuke kabotolo katatu ndi madzi a m'dziwe lomwelo.
3. Titunge pansi pang'ono, mkono utalowa mpaka pachigongono, kutali ndi polowera madzi ndi pothira manyowa.
4. Tithire madzi mpaka pamzere, osapitirira, osaperewera.
5. Botolo la mankhwala tiligwire chozondoka, choongoka, ndipo tiwerenge madontho mokweza.
6. Titseke ndi chotsekera chake, osati ndi chala, kenaka tikhutchumule.
7. Tidikire nthawi imene yalembedwa. Amoniya kawirikawiri amafuna mphindi 5. Timapepala timafuna timphindi tochepa, ndipo tikachedwa mtundu umasintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
8. Tifanizire ndi khadi pamthunzi wowala, kabotolo katatsamira pamalo oyera. Usiku ndi nyali tisayeze.
9. Awerenge anthu awiri kapena atatu, aliyense anene nambala yake. Pali anthu ena, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira. Si matenda ochititsa manyazi. Amabadwa choncho.
10. Madzi oyeza aja titaye kutali, osati m'dziwe.

Choyezera kutentha chikhale m'madzi mphindi 2, ndipo tiwerenge nsonga yake ikadali m'madzi.

Tiziyeza pH kawiri pa tsiku loyeza, 6 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, masiku awiri pa sabata. Amoniya kamodzi pa sabata. Nthawi yotentha, kapena madzi akasintha mtundu, tiziyeza tsiku lililonse.

Mankhwalawa amaonongeka ndi kutentha. Tisawaike pansi pa malata kapena pawindo. Tiwasunge m'chitini chotseka, pamalo ozizira ndi ouma. Ana asawafikire, chifukwa ena amaotcha khungu ndi maso. Akatigwera tisambe ndi madzi ambiri.

TILEMBE M'KOPE

Nambala yosalemba imaiwalika. Tigule kope limodzi la dziwe lokha. Tijambule mizere, ndipo pamwamba tilembe mitu iyi: Tsiku, Nthawi, Kutentha, Mbale, pH, Amoniya, Zimene taona, Woyeza.

Chitsanzo cha mzere umodzi: Lolemba, 6 koloko, 26, 35, 7, 0, nsomba zikudya bwino, dzina la woyeza.

Ntchito yolemba isakhale ya mlembi yekha. Tizisinthana, amayi ndi abambo. Ife tonse tinkadalira munthu mmodzi. Tikadakhala tikuwerenga kope tonse, wina akadafunsa kuti, "Nanga bwanji nambalayi sikusintha?" Madzi amoyo amasintha. Nambala yosasintha masabata awiri ndi yokayikitsa.

NAMBALA IKAIPA TICHITE CHIYANI?

Nsomba zikuyasamula m'mawa: tilowetse madzi atsopano msanga. Titunge madzi ndi ndowa n'kumawakhuthula kuchokera m'mwamba kuti atenge mpweya. Tsiku limenelo tisadyetse, tisathire manyowa.

Mbale yasowa pansi pa 20, kapena pH yapitirira 9 masana: tileke manyowa, titulutse madzi ena n'kulowetsa atsopano. Laimu ndi phulusa tisathire, zimakwezanso pH.

pH ili pansi pa 6.5 m'mawa masiku angapo: dziwe likufuna laimu wa m'munda. Muyezo wake atiuze alangizi, chifukwa umadalira dothi ndi kukula kwa dziwe. Laimu womangira nyumba ndi waukali, tisathire m'dziwe muli nsomba.

Amoniya wafika pa 1 kapena kupitirira, pH ili pamwamba pa 8.5: ngozi ili pafupi. Tileke kudyetsa tsiku limodzi kapena awiri, tisinthe madzi ena, tiyezenso mawa lake.

Madzi atsika pansi pa madigiri 20: tichepetse chakudya, ndipo tizidyetsa masana dzuwa litafunditsa madzi.

ZIMENE CHIDA SICHINENA

Chida chimayankha funso limene anachipangira basi. Sichiona mankhwala opopera tomato, thonje kapena fodya. Munthu akatsuka mpope wake kumtunda kwa ngalande, nsomba zikhoza kufa pH ili bwinobwino pa 7. Ndiye tipangane ndi anzathu a kumtunda kuti mipope azitsukira kutali ndi madzi.

Mankhwala otetezera madzi akumwa, monga Certeza, ndi abwino kwa ife ndi ana athu. Koma kwa nsomba ndi poizoni. Ana a nsomba tisawanyamulire m'madzi othira mankhwalawa.

Chinanso, chida cha dziwe sichinena ngati madzi ndi abwino kumwa. Sichiona tizilombo ta kolera kapena ta likodzo. Madzi abwino kwa pende si ndiye kuti ndi abwino kwa munthu.

MAWU ATSOPANO

Tiwerenge ndi kulemba: dziwe, yeza, khadi, madontho, asidi, amoniya, chigongono.

dzi-we: dza dze dzi dzo dzu
nso-mba: nsa nse nsi nso nsu
ma-do-ntho: ntha nthe nthi ntho nthu

Tipange mawu ena atatu okhala ndi dza, dze kapena dzi.

MASAMU

1. Tiyerekeze kuti m'kabokosi muli timapepala 48. Timayeza kawiri pa tsiku, masiku awiri pa sabata. Kodi timapepalati titha pakapita masabata angati?
2. M'mawa pH inali 7. Masana inali 9.5. Yakwera ndi zingati?
3. Tiike manambala awa m'ndondomeko kuyambira yaing'ono: 8.5, 6, 7.5, 9, 6.5.
4. Pabotolo palembedwa 11/2027. Ndi mwezi wanji, chaka chanji?

TIKAMBIRANE

1. Wogulitsa uja sananame. Nanga cholakwa chinali pati?
2. N'chifukwa chiyani nsomba zimafa kwambiri m'mawa?
3. Kodi madzi a dziwe lathu amachokera kuti? Amadutsa m'minda ya yani?
4. Gulu lathu likadakhala pa msonkhano uja wolozana zala, tikadanena chiyani?

NTCHITO YA SABATA INO

Gulu lililonse lipange mbale yoyezera ndi kujambula mizere m'kope. Tisankhe anthu awiri ofika padziwe mbandakucha, mayi mmodzi ndi bambo mmodzi. Tsiku la sukulu abwere ndi kope, aliwerenge pamaso pa tonse.

Gulu lija la kumunsi kwa Zóbuè linaikanso ana a nsomba ena. Kabokosi kakale kaja sitinakataye. Timakaonetsa kwa gulu lililonse latsopano, pambali pa khadi labwino, kuti aliyense aloze ndi chala pamene manambala ake athera. Inunso mukagula chanu, mubwere nacho kusukulu. Tidzachiyesa pamodzi ndi ndimu, soda ndi chidulo, tisanapite nacho kudziwe.